Kafani ka m'Kompyuta ya Amalume

Kafani kaja ndikadali nako. Kali m'chitini cha mabatani, kakuda, kosaposa chikhatho changa, phiko limodzi lothyoka. Ndikakayandikiza pamphuno kamamvekabe fungo la usipa ndi la waya wopserera. Ana anga amati n'chinyalala. Sindiwatsutsa, koma sindikataya.

Chinali chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 6, kwathu ku Senga Bay. Dzuwa linkaswa mtengo, mchenga n'kumawotcha mapazi ngakhale utavala masilipasi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atasiya nyanja. Kale anali siginala, munthu woitana usipa ndi nyali kuti anzake aponye khoka. Koma mwera wa chaka chimenecho unatembenuza boti lawo, ndipo mnzawo wapamtima anapezeka patapita masiku atatu. Iwo anapulumuka atakangamira chigubu. Atafika kumtunda anamangirira nkhafi yawo kudenga la khonde, amayi n'kuwalumbiritsa kuti sadzaitsitsanso.

Chimene chinawasunga kumtunda chinali kompyuta. Anaipempha ku loji ina kumene ankafuna kuitaya, naiika m'kachisakasa ka malata kuseri kwa mathandala amene amayi ankayanikapo usipa. Ana a sukulu ankabwera kudzasewera gemu ya mpira ndi ya mpikisano wa magalimoto, n'kumasiya kangachepe. Sizinali zambiri, koma amalume ankapeza ya sopo ndi ndiwo osanyowetsa mapazi. Pa magalimoto katswiri ndinali ine. Ndinkagonjetsa anyamata a ku sekondale, ndipo matama anga, kunena zoona, ankanyansa. Mtsikana wamng'ono wa miyendo ngati mabango, koma pakamwa ngati wailesi.

Vuto linali loti kompyutayo inkachita chibwibwi. Galimoto likafika pokhota chithunzi chinkaima, kenako n'kudumpha, iwe uli kale m'ngalande. Osewera anayamba kunyinyirika, ena n'kusiya kubwera. Masana kafani kam'kati kankalira mokwiya, kenako n'kukhala chete kwa kamphindi, ndipo pa kamphindi kameneko amalume ankasiya kulankhula.

Anagulitsa nyali zawo zausodzi, zomaliza za ntchito yakale. Zimene anapeza zinkakwanira njira imodzi yokha: kaya bokosi la magetsi latsopano ndi fani yake, kaya kadi ya zithunzi yogwiritsidwapo kale ntchito. Anaitana aphunzitsi athu a sayansi, amene anaphunzirako za makompyuta ku Lilongwe. Atatsegula chibokosi cha kompyutayo pamphasa, munatuluka fumbi, mamba a nsomba ndi nalimata wouma. Aphunzitsi ankaloza ndi cholembera. Iyi ndi ramu, imathandiza kompyuta kugwira zinthu zambiri nthawi imodzi. Apa ndi pa kadi, imene imajambula zonse zooneka m'gemu. Ili ndi bokosi la magetsi, limadyetsa zina zonsezi, ndipo latopa.

Mawu awo ndimawakumbuka mpaka lero. "Yambani ndi zosaoneka, achimwene. Magetsi ndi fani kaye, ramu pambuyo, kadi komaliza. Simumangirira injini yaikulu pa boti lobooka."

Amalume anayankha kuti kasitomala sabwerera bokosi la magetsi, amabwerera chithunzi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, dalaivala wathu ndiwe. Tiyambe ndi chiti?"

Sindinaganize n'komwe. Ndinati kadi. Ndinkafuna kuona utsi wa matayala ndi dzuwa likunyezimira pa galasi, monga ndinaonera pa foni ya mlendo wina. Aphunzitsi anapukusa mutu nati, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza mwambiwo, n'kukwera njinga yawo.

Lero ndimakwiya nawo amalume chifukwa chofunsa mwana nkhani ngati imeneyo. Anali atasankha kale, ankangofuna mnzawo wosenza naye. Koma nanenso sindidziyeretsa, poti zimene zinatsatira ndinaziona zikubwera.

Kadi inabwera pa minibasi, itakulungidwa m'nyuzipepala, yaikulu ndi yolemera ngati njerwa. Milungu itatu inali ya ulemerero. Magalimoto ankathamanga mosalala, ana ankadzaza mpaka panja, ena kusuzumira m'mipata ya malata. Amalume anayambanso kuimba mluzu. Koma mlungu woyamba usanathe ndinamva kafungo kachilendo, konga ka pulasitiki imene yagwera pambaula. Ndine ndinkakhala pafupi kwambiri ndi chibokosicho, ndipo ndine ndinakamva poyamba. Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti azimitsa.

Kutentha kutakula, kompyuta inayamba kuzima yokha dzuwa likafika paliwombo. Apa amalume anachita chimene mwana wa kunyanja aliyense akadachita. Amayi akamatumiza chambo chachiwisi ku boma ankafunditsa beseni chiguduli chonyowa kuti nsomba zisavunde. Amalume anatenga chiguduli chomwecho, kuchiviika, kuchifinya, n'kufunditsa chibokosi chonse, pamodzi ndi timabowo take topumira. Tonse tinawombera m'manja nzeru zimenezo. Chigudulicho chinkatuluka nthunzi, ife n'kumati chikugwira ntchito.

Tsiku lina aphunzitsi akudutsa anasuzumira, nakuwa, "Chotsani icho! Ikufuna mpweya, si chambo ayi!" Amalume anachotsa mwaulemu, akuseka. Njinga itakhota pa mtengo wa mango, anafunditsanso.

Amayi ankadana nayo kompyutayo. Ankati imabweretsa phokoso ndi ana oponda usipa wawo. Koma masiku amenewo anayamba chinthu chimene chinkandidabwitsa. M'mawa uliwonse, asanapite kukagula nsomba kugombe, ankaima pakhomo la chisakasa n'kufunsa mwapansipansi, "Ikuyakabe?" Akamva kuti inde, ankapuma mozama n'kumapita.

Linali Loweruka masana. Mitambo yoyamba ya mvula inali itaunjikana kutsidya, yakuda bii, mphepo itaima, ntchentche zikutera pankhope osaopa dzanja. Ndinkatsogola pa mpikisano, kutatsala kukhota kamodzi. Tinangomva phu! Galasi la kompyuta linada. Pansi pa chiguduli panatuluka utsi wochepa, wotuwa, ukukwera mowongoka. Kunja mafunde, amene ndinali ndisanawamve kwa milungu itatu, ankamveka bwinobwino.

Aphunzitsi atatsegula anapeza kuti bokosi la magetsi lapsa, ndipo popsa latenga kadi ndi zonse zam'kati. Sananene kuti ndinakuuzani. Chopulumuka chinali kafani kokha, ndipo amalume anakamasula n'kukaika m'manja mwanga.

Amayi anakhala pamchenga pakati pa mathandala n'kulira mokweza, manja kumutu, mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira kwathu poganiza kuti kwagwa maliro. Ine ndinachita manyazi. Kulirira makina, makina amene iwo eni ankawatukwana tsiku ndi tsiku! Maliro enieni, a amalume, anadza pambuyo pake, mvula ya chaka chomwecho isanathe, ndipo pa amenewo amayi misozi sinatuluke.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi tsiku lina patangotha mlungu chipsereni kompyuta. Amalume anakwera pa mpando n'kumasula nkhafi kudenga. Anaipukuta ndi malaya awo, nauyamba wa kugombe, kumene mwini boti wina ankawadikirira ndi nyali zake. Ndinawathamangira, kafani kali m'thumba la diresi, mtima uli mbee poti ndinkaona ngati ndaphunzira phunziro lonse.

"Amalume, mukapha usipa wambiri, ulendo uno tiyambe ndi bokosi la magetsi."

Anaima, nandiyang'ana nthawi yaitali. "Wanena zoona, mphwanga," anatero, n'kundisisita kumutu ndi dzanja lozizira.

Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha, kukauza amayi kuti kompyuta ina ibwera posachedwa. Ndinawapeza ataima pakhonde, usipa uli wosatembenuza pa mathandala. Maso awo anali kudenga, pa zingwe ziwiri zimene zinkalendewera zopanda kanthu, ndipo ine ndinayang'ananso pomwepo, osaona chimene ankayang'ana.