Amalume a Kaputeni Anafupikitsa Mapazi

Tsiku limenelo ndinkayanika mphale pamphasa. Ndinali mtsikana wongotha msinkhu, kumudzi kwathu ku Tete, m'dziko la Mozambiki. Mfuti zinayamba kulira cha kusukulu dzuwa lili paliwombo. Nkhuku zinadya mphale ija ine ndikungoziyang'ana.

Amalume a Domingo anatulukira kuseri kwa nkhokwe ndi asilikali awiri. Anali kaputeni. Anachoka pamudzi ine ndisanayambe sukulu, anayamba ngati msilikali wamba, n'kumakwera nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Ndinkawadziwira pachithunzi. Koma kwathu mwini mbumba ndi malume. Atamva kuti nkhondo yafika kwa mlongo wawo, anapempha chilolezo kwa akuluakulu awo n'kubwera.

Amayi anabereka mng'ono wanga Rozina kumsana. Ine ndinasenza kathumba ka ufa. Mbuzi yathu inangotilondola yokha. Anansi nawo anatsatira, mzere unatalika.

Njira yopita kumalire a Zambia inali ndi mabomba okwirira pansi. Aliyense ankadziwa. Msilikali mmodzi anafuna kutsogola, poti pamalo otere kaputeni satsogola. Amalume anamubweza ndi dzanja.

"Mbumbayi ndi yanga. Aliyense aziponda pamene ndaponda ine."

Ankawerama, kuyang'ana dothi, kulibaya cham'mbali ndi kamtengo, kenako n'kuponda. Anali munthu wamtali. Ine miyendo yanga yaifupi, ndinkachita kudumpha kuti ndifike pamene jombo yawo yadinda. Anacheuka, anandiona. Kuyambira pamenepo anafupikitsa mapazi. Chimunthu chachikulu, mfuti kumsana, chikuyenda ngati mkwatibwi. Likanakhala tsiku lina ndikanaseka.

Tinafika padothi louma gwa, pomwe jombo sinkadinda. Amalume anatenga kathumba kanga kaja. Paliponse aponda, ankawazapo ufa pang'ono. Amayi, omwe ankatikalipira tikataya ngakhale kaufa kakuchala, anangoponda pa ufawo ngati ena onse.

Mbuzi inaona masamba obiriwira pambali n'kupatuka. Ndinatambasula dzanja kuti ndiigwire, phazi langa lili kale m'mwamba.

"Isiye, mwanawe," anatero amalume, mawu ali pansi.

Phazi ndinalibwezera pa ufa. Mbuzi inapitirira pang'ono. Kenako kunamveka chiphokoso, dothi linatigwera m'tsitsi. Rozina analira. Amalume anadikira kuti atonthole, n'kuweramanso ndi kamtengo kawo.

Tinafika pakamtsinje dzuwa litapendeka. Kutsidya kwake azimayi ankachapa, ana akusewera m'madzi. Kumeneko kunali ku Zambia, mbali ya Katete. Amayi anagwira malaya a amalume.

"Achimwene, tiyeni tiwolokere limodzi."

"Anyamata anga ndinawauza kuti ndibweranso," anatero. Anandibwezera kathumba kali kopepuka, anandisansa dothi m'mutu. Anabwerera ndi asilikali awo, akuponda pa ufa womwe uja.

Tonse amene tinali mumzere uja tinawoloka, osasowa ndi mmodzi yemwe. Amalume sitinawaonenso. Nkhondo itatha, mmodzi wa asilikali aja anatifunafuna mpaka kutipeza. Anati a kaputeni anafa akutsogolera anthu a mudzi wina, anthu osakhala abale awo n'komwe. Manda awo sitikuwadziwa. Ena amanyadira malume wa galimoto ndi nyumba ya malata. Ine ndimanyadira ameneyu, ndipo sindibisa.

Ndinakwatiwa ku Lusaka, ndakalambira muno mu Kanyama. Rozina ali ku Matero, ali ndi zidzukulu zake. Mvula ikagwa kuno njira zimasanduka dambo, anthu amaika miyala ndi njerwa zopondapo. Popita kumsika ndimatsogola ndine, kamdzukulu kanga pambuyo.

"Ba mbuya, endani fast, manzi yangena mu nsapato," kamadandaula madzi akalowa m'nsapato.

Ine sindifulumira. Ndimafupikitsa mapazi, n'kukauza kuti kaziponda pamene ndaponda ine.