Ndani andigogodera kamera?

Ndili ndi mantha sabata ino, owerenga anga, ndipo sindibisa.

Kamera yanga, imene ndajambulira maukwati kuno kwa Mwambo zaka zonsezi, inagwera m'madzi mwezi watha ndikutsika m'bwato. Ndinaikwirira mumpunga masiku atatu monga amalangizira anthu, koma ayi ndithu, inafa. Chonsecho Loweruka la sabata yamawa Che Amadu, msodzi wa pachilumba cha Chisi, akukwatitsa Asiyatu, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, ndipo wojambula ndine.

Lolemba ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, pamene netiweki imagwirako, kuti ndisankhe kamera ina. Pali tsamba lina pa intaneti limene ndakhala ndikulidalira. Anthu ake ankatenga kamera n'kuiyesa padzuwa, m'fumbi, m'nyumba yamdima, kenako n'kunena mosapsatira: iyi batire lake silichedwa kutha, iyi imadetsa nkhope za anthu. Sankandidziwa, koma sanandinamizepo.

Nditatsegula ndinapeza uthenga woti akutseka. Eni ake, sitolo yaikulu ya pa intaneti imene inagula tsambalo kalekale ine osadziwa, aona kuti silikuwapindulira.



Chatsala n'chiyani? Nyenyezi. Mukalowa m'sitolomo kamera iliyonse ili ndi nyenyezi zisanu, pansi pake atalemba kuti "yabwino zedi". Walemba ndani? Anaigwirako? Anayamba wajambulapo mkwatibwi m'chisakasa masana, dzuwa likuswa mtengo kunja koma mkati muli bii?

Lachitatu ndinawapeza Che Amadu padoko atagwada pambali pa bwato, kamtengo kali m'manja. Kuno munthu sagula bwato yekha. Amaitana wina wodziwa, amene si m'bale wa wogulitsa, kuti aligogode kuyambira kumutu mpaka kumbuyo, khutu lili pafupi. Phula limabisa mng'alu kwa maso, koma likagogodedwa limalira mwina. Ntchito imeneyi anthu amaitanira Che Amadu.

"Akamera, nkhope yagwa bwanji?" anandifunsa. Ndi mmene amanditchulira.

Ndinawafotokozera zonse. Anaika kamtengo pansi.

"Ndiye mukuti wogogoda uja anali wantchito wa mwini bwato?"

"Anali, bambo, koma ankanena zoona."

"Ndipo amuchotsa."

"Amuchotsa."

"Aaa, ndiye mugula chifukwa wogulitsa walumbira kuti silidontha? Inu Akamera, ndimakuyesani ophunzira!"

Anaseka, koma ine sindinaseke.

Chimene chikundiopsa si kamera yokha. Kale ku Zomba ndinkalowa m'sitolo, kuigwira kamera, kujambula nayo wogulitsayo n'kuona mmene watulukira. Lero akuti tikuodereni, kapena dziodereni nokha pa intaneti. Tonse akutikankhira pakhomo limodzi. Wogulitsa ndi yemweyo, wokulangiza chogula ndi yemweyo, ndipo akatopa naye mlangizi amangomutseka pakamwa, ife osafunsidwa.

Lero ndi kamera, chinthu cha anthu ochepa. Nanga mawa? Pampu ya sola yothirira mpunga, injini ya boti, foni imene mumalandirira uthenga wa kuchipatala. Inu amene simugula mpunga musanaulume, amene mumapisa dzanja mpaka pansi pa dengu la matemba, mudzapisa pati pa chithunzi cha pafoni?

Wa m'tauni chikamuvuta amabweza. Ife kuno tibweza bwanji? Katundu wadutsa malire, wakwera basi, wakwera kabaza mpaka kunyanja. Chikafika chafika.

Ndagula, nanga ndikanatani? Ndinatseka maso n'kuloza ina ya nyenyezi zisanu, msuweni wanga wa ku Joni n'kundiodera. Akuti ifika Lachinayi pa basi. Ukwati ndi Loweruka. Ikakhala yabodza, nthawi yofunira ina palibe.

Ndikuchoka padoko paja Che Amadu anandiitana. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Akamera, Asiyatu akwatiwa kamodzi. Mayi ake anapita osasiya chithunzi n'chimodzi chomwe, mwanayu sadziwa nkhope yawo. Zithunzi zake zikapsa, sindidzaitananso anthu kuti abwereze kuvina."

Ndinangoti, "Ndamva, bambo."

Lachinayi ndidzanyamula katoniyo kupita nayo padoko. Che Amadu adzakhalapo ndi kamtengo kawo, koma kamera saidziwa. Amene ankaidziwa awatsekera. Ndiuzeni inu, ndani andigogodera?