Uthenga Umene Ndinafuna Kuwabisira Ambuya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene Ambuya anagula foni ya intaneti. Chimwalirireni amayi tinkakhala awiri ku komboni ya Kanyama, iwo akugulitsa tinsomba touma ta kapenta pa tebulo la pakhomo. Sankadziwa kuwerenga, choncho anaika lamulo limodzi: uthenga uliwonse wobwera pafoniyo ndiziuwerenga mokweza, iwo akumva.

Tsiku lina masana kunabwera uthenga wa bambo wina amene sindinkamudziwa. Analemba kuti ankadziwana ndi amayi, ali ndi zithunzi zawo, ndipo adzandipatsa ndikapita ndekha kuseri kwa siteshoni ya maminibasi Loweruka. Anatinso ndisauze munthu. Ife tinalibe chithunzi cha amayi ngakhale chimodzi, pakuti zonse zinaonongeka chaka chimene madzi a mvula analowa m'nyumba.

"Ni ndani?" anafunsa Ambuya, akuingitsa ntchentche pa kapenta.

"Ni munzanga wa kusukulu. Akuti muli bwanji."

"Iwe, menso yako yayenda mizere yambiri, koma pakamwa pachoka mau yatatu chabe. Yambanso."

Ndinawerenga zonse. Ndinkadikira mbama, koma iwo anangopukuta manja pa chitenje.

"Mufunse kuti amai ako benze kudyela kwanja iti."

Amayi anali amanzere, ndipo aliyense amene anadyapo nawo ankawaseka. Yankho linabwera msanga: "Lamanja. Usaope mwana wanga, ndimakuona m'mawa uliwonse ukupita kusukulu ndi juzi yako yofiira."

Ndinayang'ana mumsewu. Kunali amuna okankha mawilibala, wina wogulitsa makala, wina atangoima pa mpopi. Aliyense akanatha kukhala iyeyo.

Madzulo amenewo mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe anatithandiza kumutsekera kuti asalembenso, ndipo tinafufuta zimene ndinalemba pa tsamba langa la pa intaneti masabata apitawo: kuti ndawasowa amayi, dzina la sukulu lili pomwepo. Temu yonse Ambuya ankandiperekeza mpaka pageti, bondo likuwawawa, tebulo atasiyira anzawo. Foni sanandilande, ndipo lamulo lija silinasinthe.

Ndinkaona ngati lamulolo linali la munthu wosandikhulupirira. Tsopano ndikudziwa kuti Ambuya ankadziwa pamene mwana wamasiye amapweteka, ndiponso kuti ena amafufuza pomwepo. Chimandiopsa mpaka lero ndi chakuti ngakhale yankho lolakwika lija litabwera, mtima wanga unkafunsabe kuti, nanga ngati zithunzizo alidi nazo?