Mphatso ya Alendo

Kope langa la chaka chimenecho lidakalipo, lachikuto chobiriwira, lodyedwa ndi njenjete m'mphepete. Tsamba limene ndimabwererako kawirikawiri likuyamba motere: "Lachitatu, Juni 1995. Ndadzuka ndi nseru. Fungo lija lidakali m'mphuno mwanga." Ndinali Fomu 2, ndinkayenda pansi kuchokera kwathu ku Malemia kupita kusukulu, ndipo ndinkalemba chilichonse, poganiza kuti ndikadzakhala mphunzitsi ndidzafuna kukumbukira.

Masewera athu anayamba ndi aphunzitsi a jogalafe. Pofuna kuti tidziwe kuwerenga mapu, tsiku lina anabisa chitini cha mkaka kuseri kwa tchalitchi n'kutipatsa pepala lojambulapo njira. Iwo anachita kamodzi n'kuiwala. Ife atsikana asanu ndi mmodzi sitinaiwale. Tinayamba kubisirana zitini m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, pansi pa miyala, m'mphako za mango. M'chitini munkakhala kapepala kolembapo dzina lako ukachipeza, ndi kanthu kakang'ono: batani, mkanda, chipini cha tsitsi. Ukatengamo kanthu, unkasiyamo kako.

Koma chimene chinandigwira mtima anali mawu athu. Kubisa chitini tinkati kubzala. Kuchipeza tinkati kukolola. Ukafufuza mpaka miyendo kuyabwa ndi chitedze osachipeza, unkabwera n'kungoti "njala," anzako n'kukuwowoza. Munthu aliyense wosadziwa masewerawo anali wakhungu, popeza ankadutsa pambali pa chitini osachiona. Abusa anali akhungu, ogulitsa nsomba pamsika wa Naisi anali akhungu, ngakhale aphunzitsi aja amene anatiyambitsa. Wopeka mawuwo anali mtsikana wa Fomu 3, wamkulu pa tonse, amene tinkamutcha Kapitawo. Ine ankanditcha mlembi, chifukwa mawu aliwonse atsopano ndinkawalemba kumapeto kwa kope pamodzi ndi tanthauzo lake. Lero ndikaona tsambalo ndimanyansidwa ndi mmene ndinalilembera mwaudongo, mizere yojambula ndi rula, ngati ndime zoloweza ku Sande sukulu.

Amayi anali ndi dimba la mpiru pafupi ndi mtsinje. Tsiku lina akudula masamba ouma a nthochi anapeza chitini chimodzi chimene mnzathu anabzala pamenepo. Anabwera nacho kunyumba akumwetulira. "Chitini chabwinobwino chotere, anthu amataya bwanji?" Kenako ananditambasulira kapepala kaja. "Tandiwerengera iwe, mwina chili ndi mwini wake." Amayi sanapite kusukulu, makalata onse a pakhomo ndinkawawerengera ndine. Pakapepalapo panali mayina anayi, langa lachitatu. Ndinayankha kuti, "Ndi zolembalemba za ana, amayi, zopanda ntchito." Anachitsuka chitinicho n'kuikamo mbewu za mpiru.

M'mawa mwake ndinakafotokozera anzanga, ndipo sindinangofotokoza ayi. Ndinayerekeza mawu a amayi, ndinayerekezanso mmene anagwirira kapepala chadodolido. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndikunyadira poona kuti lero woseketsa ndine. Kapitawo ataleka kuseka anati, "Ndiye wakhungu wakolola m'munda mwathu? Ameneyo akufunika mphatso ya alendo." Mawu amenewo ndinali ndisanawamve. Nditafunsa tanthauzo anangondisisita kumutu: "Udzaona, mlembi."

Madzulo ake ndinalemba m'kope: "Mphatso ya alendo: kanthu kabwino kosiyira munthu wosadziwa masewera, kuti nayenso akondwe." Ndinkaganiza za siwiti kapena kachidutswa ka sopo wonunkhira. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti ndinkakhulupiriradi zimenezo. Koma kuseka kwa anzanga aja ndinakumva, ndipo sindinafunse kachiwiri. Ndinkaopa kuti yankho lake lindichotsa m'gulu.

Lolemba Kapitawo anandipatsa chitini chokulunga m'jumbo, cholemererapo kuposa zina. "Usatsegule, si chako. Ukabzale pa nthochi pompaja." Ndili panjira ndinaona ngati chivindikiro chikufuna kutukuka, choncho ndinang'amba kansalu ku chitenje chakale n'kuchimanga. Mfundo imene ndinamanga inali yomwe amayi anandiphunzitsa pomanga mitolo ya masamba, yomasuka ukangokoka mbali imodzi. Ina sindinkaidziwa. Ndinakachibzala pa nthochi paja.

Lachiwiri masana, nditaweruka, ndinapita kukathandiza kuthirira. Kunja kunali kamphepo kozizira koma dzuwa likuwomba ndithu pa nthochi paja. Tsidya lina la mtsinje bango linkagwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti anzanga abisala mmenemo. Amayi anaona chitinicho akutula ndowa. "Aa, china!" Anakhala pansi, anachiika pamiyendo, anakoka kansalu kaja.

Chivindikiro chinadumpha chokha. Munali matumbo a nkhuku obiriwira ndi khoswe wakufa, wotupa mpaka ubweya kusosoka, mphutsi zikuyenda pamwamba pake ngati mpunga wowira. Madzi ake achikasu anakhutukira pa chitenje cha amayi ndi m'manja mwawo. Fungo linandifika ndili pamzere wachitatu wa mpiru: lotsekemera monyansa, lolowa m'kamwa osati m'mphuno mokha. Ntchentche zobiriwira zinabwera nthawi yomweyo ngati zinkadikira. Kenako kuchokera m'bango muja munaphulika kuseka, mawu asanu amene ndinkawadziwa limodzi ndi limodzi, ndi mapazi akuthawa m'matope.

Ndinasanza pakati pa mpiru. Amayi sanakuwe, sanatukwane. Anakwirira zonyansazo ndi khasu, anatsikira kumtsinje, anadzipukuta manja ndi mchenga kwa nthawi yaitali mpaka khungu linafiira. Atabwerera anatola kansalu kaja pansi, anakayang'ana, anayang'ana ine, n'kukapinda. Ndinkadikira funso. Iwo anangoti, "Tsuka m'kamwa. Mpiru sunamwe wonse."

Tinathirira mpaka mzere womaliza. Pobwerera ndinkayenda kumbuyo kwawo, fungo likuchokera pa chitenje chonyowacho, ndipo ndinkadana ndi aliyense: Kapitawo ndi mano ake oyera, anzanga amene anakhala masiku angapo akusunga khoswe kuti awole bwino, aphunzitsi ndi mapu awo. Mawu akuti wakhungu, amene ndinkawatchula monyadira, tsopano ankamveka m'kamwa mwanga ngati chinthu chochokera m'chitini muja. Ndinali nditawanena za munthu amene ankandipatsa pepala kuti ndimuwerengere, akundikhulupirira.

Lachitatu lija sindinapite kusukulu. Ndinanama kuti m'mimba mukupweteka. Amayi anandisiyira tiyi n'kupita kudimba okha. Ndinakhala pakhonde ndi kope langa, ndinafufuta tanthauzo lonama lija mpaka pepala linabooka, ndipo pansi pake ndinalemba zimene ndinatsimikiza: "Mawa ndikauza Kapitawo pamaso pa onse kuti apeze mlembi wina. Sindidzabzalanso, sindidzakololanso. Ndidzayamba kuwaphunzitsa amayi kulemba dzina lawo. Koma za chitini sindiwauza. Sakudziwa kuti ndinachibzala ndine, ndipo akadziwa adzamva kuwawa."

Pamene ndinkalemba zimenezo, kansalu kaja kanali pachingwe patsogolo panga, kochapidwa bwinobwino, komangiriridwa pambali pa yunifolomu yanga ndi mfundo yomweyo yomasuka ukakoka mbali imodzi. Ndinakaona, n'kungoganiza kuti amayi sataya kanthu. Sizinandifike m'mutu kuti munthu wosatha kuwerenga dzina papepala amatha kuwerenga mfundo imene anaphunzitsa mwana wake ndi manja ake.