Tsiku Ndinayendetsa Thirakitala Yanu

Bambo a Eneless, lero minibasi inatizimira pa Bvumbwe, ndipo anthu akuikankha, ine ndinayamba kuseka ndekha. Ndinakumbuka thirakitala yakufa ija munagula ku esiteti n'kuiukitsa. M'mawa wa ukwati wa mwana wathu, achibale atadzaza kale m'ngolo, inakana kulira. Batire inali itatheratu. Ine misozi ili mbwembwembwe, inu munangovula jekete n'kugwira lamba wa alitaneta yotchajira batire. "Wakhwefuka, n'chifukwa chake simatchaja." Mutamumanga munati, "Mayi, khalani pa chiwongolero, tikakankha muchotse phazi pa kilatchi."

Inalira pa mtsetse wa m'munda wa tiyi, ine ndikukuwa, inu mukuthamanga m'mbuyo tayi ali paphewa. Kutchalitchi tinafika mkwatibwi asanalowe. Ndinakhala nanu bwino, bambo. Pumulani mumtendere.