Phazi la a Haswell pa Chigayo

A Haswell Mtonga anagwira ntchito pa chigayo cha Mayi Jemima Zimba, m'mbali mwa msewu wa ku Mphamba, zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi. Ndimawakumbukira ali aafupi, a nsidze zotuwa ndi ufa, osakonda macheza. Ntchito yawo inali imodzi: kuimirira pakamwa pa chigayo, dzanja lili pa kachitseko kachitsulo kolowetsera chimanga. Ukatsegula kwambiri, injini imatsamwa, lamba n'kuvuka. Ukapanikiza, mafuta amangopsa pachabe. Azimayi ankalambalala zigayo ziwiri kudzagayitsa kwa iwo, poti ufa wawo sunkatuluka wotentha kapena wamisere.

Chimene ankabisa n'chakuti makutu anali atafa. Phokoso linawadya pang'onopang'ono, monga chiswe chidyera nsanamira. Ankawerenga milomo ya anthu, ndipo zikawalaka ankangothokoza m'Chitumbuka kuti "Yewo," n'kumwetulira. Ankadziwa kuti mwini chigayo amafuna munthu womva kulira kwa injini. Wogontha amauzidwa kuti akapume kumudzi.

Chaka china, nthawi yokolola itatha, kunabwera Abigail, mwana wa mlongo wawo wa Mayi Zimba, wophunzira za makina ku Lusaka. Maphunziro ake ankati munthu woyendetsa makina ali ngati chiwalo cha makinawo: amamva kanthu, amachedwa pang'ono, kenaka amakonza. Ukayeza chimene amamva, kuchedwa kwake ndi mphamvu ya kukonzako, ungathe kumulemba m'masamu. Anamangirira kachipangizo kojambula mawu pafupi ndi injini, kena pa kachitseko, n'kukhala pabenchi ndi kompyuta masiku atatu.

Masamu anakana. Dzanja la a Haswell linkasuntha injini isanasinthe liwu.

"Adada, kodi mumalosera?" anafunsa Abigail.

"Yewo, mama."

Tsiku lachinayi Mayi Zimba anafika ndi jombo zatsopano, poti Abigail ankafuna kujambula zithunzi, pomwe a Haswell ankagwira ntchito osavala nsapato.

"Valani izi. Zikang'a zanuzo zikafika ku Lusaka, adzati ndimakuzunzani."

Mphatso ya abwana sakana. A Haswell anavala. Dzuwa lisanafike pamutu, chigayo chinatsamwa katatu, ndipo lamba anavuka n'kukagwetsa dengu la mphale. Azimayi pamzere anayamba kunong'onezana kuti nkhalamba yatha.

Abigail anayang'ana pansi. Pamtanda wa mtengo pomwe chigayo chinakhomeredwa panali malo osalala, olowa pang'ono, a msinkhu wa phazi. Anavula nsapato n'kupondapo. Chimanga chikachuluka, mtandawo unkayamba kunjenjemera molemera, khutu lisanamve kanthu. Anaima kutsogolo kwa a Haswell n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Adada, simukumva, eti?"

A Haswell anayang'ana kuchitseko.

"Osawauza azakhali anu, mama. Kumudzi ndikachita chiyani? Khasu ndinaliiwala."

"Bodza sindingalembe, adada. Koma ndipatseni mawa lokha."

M'mawa mwake anawavulitsa jombo, n'kusamutsira kachipangizo pamtanda paja. Masamu anagwirizana. Mtanda ukanjenjemera, dzanja linkayankha lisanathe theka la sekondi, osapitirira muyeso, osaperewera. Abigail anatenga pepala la zotsatira, ndipo onse awiri anapita kukhonde kwa Mayi Zimba. A Haswell anagwira chipewa m'manja n'kuulula okha.

Mayi Zimba anawafunsa:

"Ndiye zaka zonsezi ndikamakukalipirani, ndimakalipira khoma?"

Abigail anawabwerezera funsolo pafupi.

"Zisanu ndi ziwiri zokha, amama. Zinazo ndinkamva."

"Nanga injini ikagwira moto kumbuyo kwanu, anthu akukuwa?"

Abigail anavomera kuti pepala lake silikunena za zimenezo. Mayi Zimba anaitanitsa tiyi, anamwa okha mpaka kutha.

"Kumudzi simupita. Koma simukhalanso nokha m'chigayomo. Ndibweretsa Precious, mwana wa a Chirwa, akhale makutu anu, inu mum'phunzitse. Jomboyo valani yakumanzere. Ndinagula kale."

A Haswell anagwira ntchito zaka zina zinayi, phazi limodzi m'jombo, lina pamtanda, mpaka mawondo atakana. Precious, mayi wa ana atatu, ndiye akuyendetsa chigayocho lero. A Haswell anam'phunzitsa zonse, koma pa chimodzi anaumirira: asanalize injini, azitseka makutu ndi thonje.