Khadi Imene a Chulu Anasankha

A Kalisto Chulu sanaphunzire za makompyuta kusukulu. Anabadwira kufupi ndi Sinda, m'banja lolima thonje, ndipo sukulu anailekeza giredi naini. Atasamukira ku Katete anayamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, kenako ma TV, kenako mafoni. Makompyuta anawapeza imvi zitayamba kale, nthawi imene maofesi ankagulitsa makina akale motchipa. Anagula awiri, nawaphwasula ndi kuwamanganso mpaka anadziwa chilichonse cha m'kati mwake.

Chimene chinawatchukitsa chinali kachipangizo kamodzi. M'kompyuta mumakhala kathabwa kokhala ndi fani, kamene ntchito yake ndi kujambula zonse zooneka pa sikirini. Achinyamata amakatcha girafikisi khadi, kapena kungoti khadi. Ikakhala yofooka, gemu imayenda modukizadukiza, galimoto n'kumalumpha ngati chule m'malo mothamanga. Anthu a ku Katete sakwanitsa makhadi odula, ndiye funso limene linkafika kwa a Chulu linali limodzi lomweli chaka ndi chaka: pa ndalama zochepa zomwezi, ndigule khadi yakale imene inali yamphamvu pa nthawi yake, kapena yatsopano yotchipa ya m'bokosi?

A Chulu sankayankha ndi pakamwa. M'kashopu kawo kuseri kwa msika anali ndi makompyuta awiri ofanana, oyandikana pa tebulo limodzi. Ankalowetsa khadi ina uku, ina uku, n'kutsegula gemu imodzi ya mpikisano wa magalimoto, n'kukhala pakati manja atapinda. Diso lawo linkaona zimene eni ake makhadi sankaona: mthunzi wa mtengo wochedwa kufika, msewu wong'ambika pakati galimoto ikamakhota. Kawirikawiri yakale ndi imene inkapambana.

"Iyi yatsopano ndi bokosi lokha lokongola," ankatero. "Tenga nkhalambayi. Imadya malaiti, imatentha, koma imakoka."

Aphunzitsi, makalaliki a ku boma, ana a amalonda, onse ankabwera. Munthu akati "a Chulu aiona", mkangano unkathera pomwepo.

Matenda a shuga anawapeza mwakachetechete. Poyamba zilembo zing'onozing'ono zinayamba kusungunuka, iwo n'kugula magalasi a pamsika. Kenako pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana panabwera chikhungu. Masikuluwu ankawapeza ndi zala. Sanauze munthu. Akazi awo, a Ottilia, amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, anazindikira tsiku limene mwana wawo Gloria anabwera kuchokera ku Chipata, bambo ake n'kumupatsa moni wa mlendo pakhomo.

"Atate a Gloria, tiyeni kuchipatala," anatero a Ottilia madzulo ake.

"Ndi fumbi chabe, amake Gloria. Mvula ikagwa zitha."

"Fumbi lakuiwalitsani mwana wanu?"

A Chulu anakanabe kupita. Ankaopa kuti akangopita kuchipatala, Katete yense amva kuti woona makhadi saonanso. Anapitiriza kukhala pakati pa makompyuta awiri aja, koma tsopano ankaweruza ndi khutu, pomvera kulira kwa fani, komanso ndi zimene ankakumbukira za mtundu uliwonse wa khadi. Kwa miyezi ingapo zinkawayendera.

Mu Ogasiti wa chaka china cha chilala, pamene malaiti, ndiye kuti magetsi, ankabwera maola owerengeka okha, m'shopu munalowa mayi wina wochokera ku Vubwi, dzina lake Adelina. Anali atauyamba ulendo mbandakucha kudzera ku Chadiza, fumbi lili mbuu m'nsidze. Kumbuyo kwake kunali mnyamata wogulitsa zipangizo, wa ku Lusaka, amene ankazungulira m'matauni ndi chikwama.

Adelina anafotokoza mwachidule, ngati munthu amene waifotokoza nkhaniyo kambirimbiri. Mwamuna wake, Yotam, ankanyamula anthu ndi katundu pa njinga yamoto kupita kumalire. Tsiku lina anagwa nayo pamlatho, msana n'kuthyoka, ndipo kuyambira pamenepo miyendo sinagwirenso ntchito. Mng'ono wake wa Yotam, mphunzitsi, anamusiyira kompyuta yakale yoyendera sola ndi batire. M'menemo munali gemu yoyendetsa malole, ndipo ndi chokhacho chimene chinkamuchotsa maso padenga. Koma loleyo inkangodukiza.

"Ndagulitsa nsawa, bambo," anatero Adelina. "Awa ali ndi makhadi awiri, mtengo wake ndi umodzi. Ine sindidziwa kanthu. Anthu andiuza kuti ndibwere kwa inu."

Wogulitsa uja anaika makhadi pa tebulo. A Chulu anawapapasa. Ina inali yaikulu, yolemera, ya mafani awiri, yofuna waya wakewake wa malaiti, ndipo inali itagwirapo ntchito. Inayo inali yaing'ono ngati chikhatho, ya fani imodzi, ili m'pepala lake, ndi chikalata chakuti ikafa chaka chisanathe adzabweza ina.

Mwamwayi malaiti analipo masana amenewo. A Chulu analowetsa makhadi, natsegula gemu, nakhala pakati monga mwa nthawi zonse. Kumanzere ankaona chikhungu chowala, kumanja chikhungu chowala. Anatchera khutu. Mafani a yakale ankalira bwinobwino, opanda kukhwekhwereza. Mtundu umenewo ankaudziwa, anali atauyesa kosawerengeka maso akadali bwino, ndipo unkaiposa yaing'onoyo patali.

Adelina anasendera pafupi ndi sikirini ya kumanzere, kumene kunali khadi yaikulu ija.

"Nanga timadontho tobiriwira tikuphethira pakonapa ndi chiyani, bambo?"

A Chulu ankadziwa bwino tanthauzo la timadontho totero: khadi imene yapsa m'kati ndi ntchito, imene masiku ake atsala ochepa. Akanatha kunena kuti mayi, ndiuzeni, ndi tingati, tikuoneka bwanji, ine maso anga ndi ovuta. Koma wogulitsa anali chiimire pakhomo, ndipo anthu ena awiri anali pabenchi kudikira mafoni awo.

"Ndi mmene gemuyi ilili, mayi," anatero. "Musade nkhawa. Tengani yaikuluyi."

Za sola ndi batire sanafunse n'komwe. Adelina anamasula mfundo ya chitenje, nalipira wogulitsa, nathokoza a Chulu mogwada. Iwo anamulongosolera malowetsedwe ake kuti akauze mlamu wake, ndipo anamupatsa waya waulere.

Patapita milungu itatu anabweranso. A Chulu anamuzindikira ndi mawu. M'shopu munalibe malaiti, munalibenso munthu wina. Adelina anaika khadi pa tebulo, yokulungidwa m'pulasitiki ya shuga, nakhala pabenchi osadikira kuuzidwa.

Sanakalipe. Anati khadiyo inagwira ntchito masiku asanu ndi anayi. Inkamaliza batire dzuwa lisanalowe, moti m'nyumba munalibe nyale ndipo mafoni ankakatchajitsa kwa aneba, koma palibe anadandaula, chifukwa Yotam ankaseka. Ankamuitana mkazi wake kuti adzaone mapiri ndi milatho imene lole ikudutsa, ankachita kuliza hutala ndi pakamwa. Tsiku lakhumi timadontho tija tinadzaza sikirini yonse, kenako mizeremizere, kenako mdima. Foni ya wogulitsa sinkapezekanso. Yotam anapempha kuti amutembenuzire kukhoma, ndipo chakudya ankangochilawa.

"Ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi," anatero Adelina. "Timadontho tija munationa?"

A Chulu anaika dzanja pa pulasitiki ija.

"Sindinatione."

"Koma munati ndi gemu."

"Ndinanama, mayi. Maso anga anafa kale. Ngakhale nkhope yanu sindikuidziwa."

Adelina anapuma mozama. A Chulu anayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina zikanawapepukira. Koma mayiyo anangoti, "Mukanandiuza, ine maso ndili nawo. Ndikanakuonerani."

A Chulu anadzuka, napapasa kompyuta ya kumanja, namasula masikuluwu. Anatulutsa khadi yawo yoyesera, yaing'ono, yofooka kuposa yatsopano ija imene anamukaniza, koma yamoyo ndiponso yosadya malaiti. Anamuuza kuti lole idzayenda, bola achepetse kukongola kwa zithunzi, mitengo ndi mitambo zidzaoneka ngati zodula pa katoni. Adelina anailandira, naikulunga m'pulasitiki yomwe ija, natuluka kukafuna galimoto ya ku Chadiza. Sanatsanzike.

Madzulo amenewo a Chulu anauza akazi awo zonse. A Ottilia anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapita kukasita shati yawo ya kutchalitchi. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chipata. Dokotala anawaunika nthawi yaitali, nanena kuti diso lakumanzere latha, lakumanja angathe kulisunga pang'ono ngati asamala shuga. Anawafunsa chifukwa chimene anachedwera chonchi. A Ottilia anayang'ana pansi, a Chulu anati kunali ntchito.

Shopu anaitseka mwezi wotsatira. Makompyuta awiri aja anagulidwa ndi sukulu ina ya pulaiveti, ndipo m'kachipinda kaja tsopano mumagulitsidwa mankhwala a m'munda. A Chulu anafunsafunsa za Yotam kwa madalaivala a njira ya ku Vubwi. Mmodzi anati anamva kuti abale ake anamutengera kutsidya, ku Malawi, mvula itayamba. Za kompyuta, kapena ngati khadi yaing'ono ija inagwira ntchito, palibe ankadziwa.

Masiku ano a Chulu amakhala pa kampando kuseri kwa mulu wa salaula wa akazi awo. Ntchito yawo ndi kupapasa zovala zochokera m'belo, kupatula zong'ambika ndi za zipi wakufa. Achinyamata ena amawalondolabe mpaka kumeneko, foni m'manja, kufunsa ngati agule yakale kapena yatsopano. A Chulu amawafunsa kuti kwanu malaiti ndi otani, wogulitsayo mudzamupeza kuti ikafa, ndipo mwaiona ikugwira ntchito kwa nthawi yaitali bwanji. Ambiri amatopa nawo mafunsowo, amafuna dzina la khadi basi. Akaona kuti dzinalo silikutuluka, amathokoza mwaulemu n'kupita kukafunsa pa intaneti.

A Ottilia amawaponyera buluku lina pamiyendo. A Chulu amaliyendetsa zala m'misoko, kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, n'kuliika kumulu wa zotsika mtengo.